Kukwera sitima yokaona nyama ndi madzi oundana kumalekezero a dziko: zoyenera kudziwa musanalipire

Musanayang'ane mtengo wa tikiti kapena kukopeka ndi zithunzi za zipinda za m'sitima, yambani mwadzifunsa kuti nyama imene mukufunitsitsa kukaiona ndi iti, chifukwa yankho lake ndi limene lidzakuuzeni kolowera, mwezi wonyamukira ndiponso sitima yoyenera kukwera. Mapengwini a kumadera ozizirawa amakhala kum'mwera, ku Antarctica ndi pazilumba zoyandikana nako, pamene zimbalangondo zoyera ndi nyama za minyanga zotchedwa walrus zimakhala kumpoto, ku Arctic, moti ulendo wamba umodzi sungakuonetseni zonsezi. Nyengo nazonso n'zosemphana. Ku Antarctica sitima zimayenda kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene ku Arctic zimayenda kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala, popeza imeneyi ndiyo miyezi imene dzuwa limachedwa kulowa ndipo madzi oundana amasungunuka mokwanira kuti sitima ipeze podutsa.

Ulendo wamtunduwu ndi wosiyana kwambiri ndi wa zisitima zikuluzikulu zimene zimanyamula anthu zikwizikwi n'kumayenda doko ndi doko. Kumalo ambiri kumene mukupita kulibe doko, kulibe msewu, kulibenso mudzi. Sitima imaima chapatali ndi gombe, ndipo apaulendo amatsitsidwira m'timaboti ta mphira ta injini totchedwa Zodiac, timene timanyamula anthu 10 kapena kuposerapo pang'ono. M'sitimamo mumakhala akatswiri a mbalame, a nyama za m'nyanja, a miyala ndi a mbiri yakale, omwe masana amayendetsa timabotito ndi kulondolera anthu pamtunda, madzulo n'kumafotokoza zimene zaoneka tsikulo. Amene anatchukitsa kayendedwe kameneka ndi Lars-Eric Lindblad, yemwe anapita ndi alendo ku Antarctica mu 1966, kenako mu 1969 n'kukhala ndi sitima yopangidwira ntchito imeneyi. Chachikulu choyenera kuchimvetsa pachiyambi pomwe n'chakuti ndondomeko ya ulendo imene kampani yakulemberani si lonjezo ayi. Mphepo, chifunga ndi madzi oundana ndizo zimalamula, ndipo kaputeni ndi mtsogoleri wa gulu la akatswiri akhoza kusintha malo okatsikira kawiri tsiku limodzi. Munthu wolipira ndalama zake chifukwa cha dzina la malo amodzi okha ndi amene amabwerako akunyinyirika.

Kulowera kum'mwera

Maulendo ambiri opita ku Antarctica amanyamukira ku Ushuaia, mzinda wa kumapeto kwenikweni kwa Argentina, ndipo sitima imatuluka kudzera mu Beagle Channel n'kulowa mu Drake Passage, nyanja ya makilomita pafupifupi 800 imene ili pakati pa Cape Horn ndi zilumba za South Shetland. Kuwoloka kumatenga masiku awiri popita ndi awiri pobwerera. Izi muziwerengere bwino, chifukwa ulendo umene akuulengeza kuti ndi wa masiku 10 kapena 11 umangokupatsani masiku anayi kapena asanu okhala ku Antarctica kwenikweniko. Dera limene sitima zambiri zimafika ndi Antarctic Peninsula, mbali ya mtunda yotulukira chakumpoto moyang'ana South America. Kumeneko ndi kumene kuli Lemaire Channel, mpata wopapatiza pakati pa mapiri otsetsereka, Neko Harbour kumene munthu amaponda mtunda weniweni wa Antarctica osati chilumba, Port Lockroy kumene kuli nyumba yakale ya ofufuza a ku Britain imene tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale komanso positi ofesi, ndi Deception Island, chilumba chimene ndi phiri lophulika lobowoka pakati, moti sitima imalowa m'kati mwake kudzera pampata umodzi wokha. Maulendo ambiri a m'derali safika pa Antarctic Circle, mzere wa pamapu wozungulira kum'mwera kwenikweni kwa dziko, choncho ngati kudutsa mzere umenewo kuli kofunika kwa inu, funani ulendo umene ukunena zimenezo mwachindunji, ndipo umakhala wotalikirapo.

Amene akuopa Drake Passage kapena alibe masiku okwanira akhoza kukwera ndege kuchoka ku Punta Arenas m'dziko la Chile kukatera pa King George Island, ulendo wa maola awiri, n'kukapeza sitima kumeneko. Njirayi ndi yodula, ndipo ili ndi vuto lake: ndege sitera pachilumbacho kukachita chifunga, moti anthu amatha kudikira tsiku lathunthu kapena kuposerapo.

Ngati thumba ndi nthawi zikulola, maganizo anga ndi akuti ulendo wophatikizapo South Georgia ndi umene umapindulitsa kwambiri munthu wokonda nyama. Umatenga milungu pafupifupi itatu ndipo kawirikawiri umadutsanso kuzilumba za Falkland. Ku South Georgia, pamalo ngati St Andrews Bay ndi Salisbury Plain, ndi kumene kumaswana mapengwini aakulu a khosi lachikasu otchedwa king, ndipo pa St Andrews Bay pokha pali mabanja oposa 100,000. Gombe limadzazanso ndi akatumbu a m'nyanja, kuphatikizapo mtundu wa elephant seal umene wamphongo wake amalemera matani atatu kapena kuposa. Pa Grytviken, pamene kale panali fakitale yoyengera mafuta a anangumi, pali manda a Ernest Shackleton, mtsogoleri wa maulendo ofufuza ku Antarctica, yemwe anamwalira pamenepo mu Januwale 1922. Ndiye uja amene mu 1916, sitima yake Endurance itaphwanyidwa ndi madzi oundana, anayenda pakaboti makilomita pafupifupi 1,300 kuchoka ku Elephant Island kudzafuna thandizo pachilumba chomwechi. Mapengwini aakulu kuposa onse, a mtundu wa emperor, musayembekezere kuwaona paulendo wamba. Amafuna ulendo wapadera wolowera ku Weddell Sea, kufupi ndi Snow Hill Island, pasitima yokhala ndi helikopita, ndipo ngakhale pamenepo kufikako kumadalira nyengo. Palinso maulendo a mwezi wathunthu opita ku Ross Sea kuchokera ku New Zealand kapena ku Hobart m'dziko la Australia, koma amenewo ndi a anthu amene saopa kukhala masiku ambiri osaona mtunda.

Mwezi umene mwasankha umasintha kwambiri zimene mudzaone. Mu Novembala chipale chofewa chimakhala chikadali choyera mbee, madzi oundana ali ambiri, ndipo mapengwini a mitundu ya gentoo, chinstrap ndi Adélie amakhala ali kalikiliki kumanga zisa za timiyala. Chakumapeto kwa Disembala ndi mu Januwale mazira amaswa, anapiye ali tibitibi pansi pa makolo awo, masana ndi aatali kwambiri, ndipo mitengo ya matikiti imakhalanso pamwamba. Mu Febuluwale ndi Malichi anapiye amakhala atakula, malo oswanirana asanduka matope osakanikirana ndi zitosi, mbalame zikuluzikulu zikuthothoka nthenga, koma imeneyi ndiyo nthawi yabwino yoonera anangumi a mitundu ya humpback ndi minke, chifukwa amakhala achuluka ndipo akhuta tinkhanu ting'onoting'ono totchedwa krill, timene ndi chakudya chachikulu cha nyama zambiri za kumeneko. Wokonda kujambula malo asankhe kumayambiriro kwa nyengo, wofuna anapiye apite pakati, ndipo wofuna anangumi adikire kumapeto.

Kulowera kumpoto

Ku Arctic malo osavuta kuyambira ndi Svalbard, zilumba za dziko la Norway. Ndege zimachokera ku Oslo kapena ku Tromsø kukatera ku Longyearbyen, ndipo sitima imanyamukira pomwepo popanda kuwoloka nyanja yaikulu, zimene zimathandiza anthu ovutika ndi mafunde. Ku Longyearbyen dzuwa sililowa kuyambira chakumapeto kwa Epulo mpaka chakumapeto kwa Ogasiti. Kumeneko kuli mphalapala zazifupi miyendo, nkhandwe za kozizira, walrus zogona mothithikana pagombe, ndi maphompho ngati Alkefjellet odzaza ndi mbalame zoswana. Chimbalangondo choyera, chimene anthu ambiri amapitira, chimapezeka makamaka m'mphepete mwa madzi oundana a panyanja kumene chimasaka akatumbu, ndipo palibe kampani yoona mtima imene ingakulonjezeni kuti muchiona. Kuyambira pa 1 Januwale 2025 malamulo a Norway amafuna kuti anthu azikhala pamtunda wa mamita 300 kuchoka pamene pali chimbalangondo, ndipo kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 30 Juni mtundawu umakhala mamita 500. Malamulo omwewo salola sitima zonyamula anthu oposa 200 kulowa m'madera otetezedwa, ndipo anachepetsa malo amene alendo a pasitima angatsikire m'madera ambiri otetezedwawo kufika pa 43. Zimenezi zikutanthauza kuti chimbalangondo mudzachiona chili kadontho kachikasu pang'ono pakati pa kuyera kwa madzi oundana, moti chipangizo chabwino choonera patali n'chofunika kuposa china chilichonse m'chikwama chanu. Potsikira pamtunda, olondolera amayamba aunguza dera lonse, amanyamula mfuti, ndipo chimbalangondo chikaoneka kapena chifunga chikatsika, kutsikako kumalephereka.

Greenland ndi wa anthu okonda malo kuposa nyama, ngakhale kuti kuli nyama zaubweya wautali zotchedwa musk ox. Kumadzulo kuli Ilulissat, kumene mtsinje wa madzi oundana wa Sermeq Kujalleq umatulutsa zibuma zikuluzikulu zoyandama, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wake mu 2004. Kum'mawa kuli Scoresby Sund, kumene nyanja imalowera kutali m'kati mwa mtunda pakati pa mapiri, ndipo wopitako mu Seputembala, mdima utayamba kubwerera, akhoza kuona kuwala kwa mitundumitundu kumene kumavina kumwamba usiku. Njira ya Northwest Passage, yodutsa pakati pa zilumba za kumpoto kwa Canada, imatseguka mochedwa, cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Ndi njira imene wofufuza malo wa ku Britain John Franklin ndi anthu ake onse anathera atanyamuka mu 1845, ndipo sitima zake ziwiri zinapezeka pansi pa nyanja mu 2014 ndi 2016. Roald Amundsen ndiye anayamba kuidutsa yonse pasitima, pakati pa 1903 ndi 1906. Kusiyana kwakukulu ndi Antarctica n'kwakuti ku Greenland ndi ku Canada kuli eni dera, anthu a mtundu wa Inuit, choncho mukatsika m'midzi yawo ndinu alendo pakhomo la eni ake: pemphani musanajambule munthu, musasuzumire m'nyumba, ndipo musaseweretse agalu okoka ngolo popanda chilolezo cha mwini wake.

Sitima yake

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amayang'ana kukongola kwa chipinda ndi kuchuluka kwa malo odyera m'malo mofunsa chiwerengero cha apaulendo. Ku Antarctica, motsatira malamulo a bungwe la makampani oyendetsa alendo la IAATO limene linakhazikitsidwa mu 1991, anthu opitirira 100 saloledwa kukhala pamtunda pamalo amodzi nthawi imodzi, pamafunika wolondolera mmodzi pa alendo 20 alionse, ndipo sitima yonyamula anthu oposa 500 siloledwa kutsitsa aliyense. Werengani bwino tanthauzo la manambalawa. Pasitima ya anthu 100 kapena ochepera, nonse mumatsika limodzi ndipo mumakhala pamtunda maola awiri kapena atatu, m'mawa ndi masana. Pasitima ya anthu 200 mumagawidwa, ena pamtunda ena akuzungulira pa Zodiac, kenako n'kusinthana, ndipo zimenezi zimayendabe bwino. Pasitima ya anthu 400 nthawi yanu ya pamtunda imachepa kwambiri, ndipo kawirikawiri mumatsika kamodzi patsiku. Pasitima ya anthu oposa 500 mapengwini mumangowaonera patali muli pamwamba pa sitimayo. Tikiti yotsika mtengo modabwitsa nthawi zambiri imakhala ya gulu lomalizali, choncho funsani mosapita m'mbali ngati mudzaponde pansi.

Sitima yaing'ono ili ndi vuto lake, loti imagwedezeka kwambiri panyanja yolusa. Funsani ngati ili ndi zipsepse za m'mbali zochepetsa kugwedezeka, ndipo posankha chipinda kumbukirani kuti cha pansi komanso cha pakati pa sitima ndi chimene chimakhala chodekha, pamene zipinda zapamwamba zodula zija ndizo zimapendeka kwambiri. Funsaninso mlingo wa kulimba kwa sitimayo pa madzi oundana. Zambiri zatsopano zili pamlingo wa PC6 kapena PC5, ndipo nambala ikamachepa kulimba kumakula, moti sitima ya Le Commandant Charcot, imene imafika ku North Pole, ili pa PC2. Nkhani ya kulimbayi si yongokometsera malonda. Mu Novembala 2007 sitima ya Explorer, yomwe ija ya Lindblad koma ili m'manja mwa eni ena, inabooka itagunda madzi oundana kufupi ndi zilumba za South Shetland n'kumira, ngakhale kuti anthu onse 154 anapulumutsidwa. Kuyambira mu 2017 pali malamulo a padziko lonse otchedwa Polar Code okhudza kapangidwe ka sitima zoyenda kumaderawa, zida zopulumutsira anthu ndi maphunziro a oziyendetsa. Onetsetsani kuti kampani yanu ndi membala wa IAATO ngati mukupita kum'mwera, kapena wa AECO, bungwe longa lomwelo la ku Arctic, ngati mukupita kumpoto.

Ndalama, zikalata ndi thanzi

Ulendowu ndi wodula, ndipo palibe chifukwa chobisira. Ngakhale wamfupi wa ku Antarctic Peninsula umadya madola a ku America zikwi zingapo pa munthu mmodzi, ndipo ambiri amapitirira madola 10,000, osawerengera ndege yokafikira kudoko. Poyerekeza mitengo, funsani zimene zili m'kati: ndege ya m'dziko momwemo yopita ku Ushuaia kapena ku Longyearbyen, hotelo ya usiku woyamba, jekete, jombo, intaneti, ndalama yothokozera ogwira ntchito, ndi zochita zapadera monga kupalasa timabwato totchedwa kayak kapena kugona usiku umodzi pa chipale chofewa, zimene kawirikawiri zimalipiridwa padera ndipo malo ake amatha msanga. Woyenda yekha afunse ngati angagawane chipinda ndi munthu wina, chifukwa kukhala wekha m'chipinda cha anthu awiri kumawonjezera mtengo kwambiri. Kusungitsa malo kutatsala chaka kapena kuposerapo kumapatsa mwayi wosankha mwezi ndi chipinda, pamene kudikira zotsika mtengo za kumapeto n'kwa munthu amene masiku ake ndi omasuka.

Antarctica si ya dziko lililonse lokha. Imayendetsedwa ndi pangano la Antarctic Treaty limene mayiko 12 anasainira mu 1959, pamodzi ndi pangano la ku Madrid la 1991 loteteza chilengedwe, ndipo kulibe viza yolowera kumeneko chifukwa chilolezo chimakhala ndi kampani ya sitima. Viza imene ingafunike ndi ya dziko limene mukunyamukira ndi mayiko amene mukudutsamo, malinga ndi pasipoti yanu. Za Svalbard pali msampha umene ambiri sauona: zilumbazi zili kunja kwa dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, koma ndege zimadutsira ku Norway, dziko limene lili m'gululo, choncho amene pasipoti yake imafuna viza ya Schengen apemphe yolola kulowa kawiri, popita ndi pobwerera. Inshuwalansi ikhale yotchula mosabisa kuti imalipira kusamutsa wodwala kuchokera kumadera amenewa, chifukwa dokotala wa m'sitima amangothandiza zoyambirira, chipatala chenicheni chili kutali masiku awiri, ndipo makampani ambiri sakweza munthu wopanda inshuwalansi yotere. Mudzapatsidwanso fomu ya zaumoyo, ndipo muilembe moona. Sipafunika mphamvu za katswiri wamasewera, koma muyenera kutha kutsika masitepe otsetsereka a m'mbali mwa sitima, kulowa m'kaboti kamene kakukwera ndi kutsika ndi mafunde, ndi kuyenda pamiyala yoterera. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku munyamule ochuluka kuposa masiku a ulendo, ndipo akhale m'chikwama cha m'manja.

Fikani kumzinda wonyamukira kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Sitima sidikira munthu, ndipo ikachoka palibe doko lina kumene mungakaipeze. Wodutsira ku Buenos Aires adziwe kuti kuli mabwalo a ndege awiri, Ezeiza ndi Aeroparque, otalikirana ndithu, ndipo ndege ya ku Ushuaia ikhoza kunyamukira ku bwalo losiyana ndi limene mwaterapo.

Zovala sizifuna nkhani yaitali monga anthu amaganizira. M'chilimwe cha ku Antarctic Peninsula kuzizira kumakhala cha pa madigiri 0, ndipo chimene chimapweteka ndi mphepo ndi madzi othovukira m'kaboti. Valani mosanjikiza: chamkati cha ubweya wa nkhosa kapena nsalu yosasunga thukuta, chapakati chofunditsa, ndi chakunja chosalowa madzi ndi mphepo. Za thonje zisiyeni, chifukwa zikanyowa ndi thukuta zimazizira pathupi. Thalauza losalowa madzi ndi lokakamiza, ndipo livalidwe pamwamba pa jombo osati kulowetsa m'kati mwake, apo ayi madzi amatsikira m'mapazi. Tengani magolovesi awiriawiri, chipewa chophimba makutu, magalasi akuda ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa, popeza kuwala kobwerera kuchokera pa chipale chofewa ndi pamadzi kumawotcha nkhope ngakhale kuli mitambo. Mabatire a kamera amatha msanga kozizira, choncho apadera akhale m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, ndipo pobwerera m'sitima siyani kamera m'chikwama chake kwa kanthawi kuti isachite nkhungu m'kati.

Panyanja ndi pagombe

Drake Passage nthawi zina imakhala bata ngati thamanda, koma nthawi zina mafunde amakwera mamita angapo, chifukwa mphepo ndi madzi zimazungulira dziko lonse pamenepo popanda mtunda wozitchinga. Mankhwala a mseru amagwira ntchito mukamwa mseruwo usanayambe, choncho kambiranani ndi dokotala musananyamuke, makamaka za kachigamba komata kuseri kwa khutu, kamene kamaumitsa kukamwa ndipo sikayenera aliyense. Idyani pang'onopang'ono koma musakhale ndi njala, yang'anani kumene nyanja yakumana ndi thambo, ndipo zikavuta gonani chagada. Poyenda m'sitima dzanja limodzi likhale logwira chitsulo nthawi zonse, ndipo musagwire m'mphepete mwa chitseko, chifukwa zitseko za m'sitima n'zolemera ndipo zimadzitseka mwamphamvu sitima ikapendeka. Mukapeza bwino tulukani panja, chifukwa masiku amenewa ndiwo oonera mbalame za albatross, zimene zina mapiko ake amapitirira mamita atatu, zikutsatira sitima osakupiza n'komwe.

Musanatsike koyamba, aliyense amabweretsa zovala zakunja ndi chikwama kuti ziyeretsedwe ndi makina okoka fumbi. Amafufuza m'matumba, m'misoko ndi m'zomatira, kufunafuna njere, dothi ndi zinyenyeswa za chakudya, ndipo jombo zimatsukidwa ndi burashi n'kuviikidwa m'mankhwala popita ndi pobwerera ulendo uliwonse. Wina angaone ngati n'kukokomeza, koma South Georgia inavutika zaka zambiri ndi makoswe obwera ndi sitima, amene ankadya mazira ndi anapiye, mpaka pamene analengeza mu 2018 kuti atheratu pambuyo pa ntchito yaikulu yowapha. Chimfine cha mbalame chitafika pachilumbachi mu 2023, malamulo anakhwima kwambiri: osakhala pansi, osagwada, osagona, osaika chikwama pansi, ndipo malo ena amatsekedwa mwadzidzidzi akaona nyama zakufa.

Polowa mu Zodiac, manja onse akhale opanda kanthu. Woyendetsa amakugwirani pamkono inunso n'kumugwira pamkono, osati kupatsana zikhatho ngati moni, ndipo mumaponda kaye m'mphepete mwa kaboti, kenako pansi, n'kukhala msanga. Pofika kugombe mumasendera kutsogolo muli chikhalire, n'kutembenuza miyendo kudzera mbali yoyang'ana kunyanja, kenako n'kutsikira m'madzi ofika m'akakolo kapena m'mawondo. Pamtunda tsatirani timbendera timene olondolera azika, ndipo musayandikire nyama kuposa mamita 5. Akatumbu a ubweya a ku South Georgia amafuna mtunda wokulirapo, makamaka mu Novembala ndi Disembala pamene amphongo akulimbirana malo, chifukwa amathamanga kuposa mmene thupi lawo likuonekera ndipo akaluma bala lake limavuta. Osadyetsa nyama, osatola mwala, nthenga kapena fupa, ndipo musaime pakati pa nyama ndi nyanja.

Fungo la malo oswanirana mapengwini limakupezani musanatsike m'kaboti, ndipo chipale chofewa chozungulira chimakhala chofiirira chifukwa cha zitosi za mbalame zodya krill. Anthu ambiri amathamangira kukwera chitunda kuti aone zonse, koma amene waima malo amodzi kwa mphindi 20 ndi amene amaona zambiri. Adzaona gentoo wamphongo akutola kamwala ndi mlomo, n'kuyenda nako mwaulemu kukakaika pachisa cha mkazi wake, kenako n'kupita kukaba kena pachisa cha mnzake pamene mwini wake wayang'ana kumbali. Adzaona mbalame yabulauni yotchedwa skua ikuzungulira pamwamba kudikira dzira losiyidwa poyera. Mapengwini ali ndi tinjira tawo tokumbika m'chipale chofewa tochokera kuzisa kupita kunyanja, ndipo timeneti simuyenera kupondamo kapena kuimamo, chifukwa mbalame ikaima kukudikirani, mwana wake akudikira chakudya kumtunda. Mukaponda n'kusiya dzenje lakuya, likwirireni, popeza pengwini akagweramo amavutika kutuluka.

Tsiku limene mwauzidwa kuti simutsika koma muzungulira pa Zodiac musalione ngati lotayika. Pamenepo ndi pamene mumafika pafupi ndi katumbu wa mtundu wa leopard seal atagona pachibuma choyandama, kapena nangumi akutulukira mbali mwa kaboti mpweya wake n'kumveka fuu. Pemphani woyendetsa azimitse injini pang'ono, ndipo mudzamva madzi akuthetheka chifukwa cha timpweya timene tinatsekeredwa m'madzi oundana zaka zambirimbiri zapitazo. Zibuma zobiriwira ngati thambo ndi zimene zinapanikizika kwambiri mpaka mpweya wambiri kutulukamo. Chibuma chilichonse chimene mukuchiona, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 ali pansi pa madzi, ndipo chikhoza kugubuduzika mosachenjeza, n'chifukwa chake woyendetsa amakana mukamupempha kuti asendere pafupi. N'chimodzimodzinso ndi khoma la mtsinje wa madzi oundana: likagumuka limautsa funde lofika kugombe, moti pamalo ngati Neko Harbour olondolera amauza anthu kuti asachedwe m'mphepete mwa madzi koma akwere msanga kumtunda.

Madzulo alionse mtsogoleri amasonkhanitsa anthu kufotokoza mapulani a mawa, akuonetsa mapu a mphepo ndi a madzi oundana, ndipo msonkhano umenewu musaujombe, chifukwa ndi pamene mumamva chifukwa chimene malo ena asiyidwa. Pogona siyani zovala zofunda, jombo za m'sitima ndi choonera patali pafupi ndi bedi, popeza anangumi a orca kapena chimbalangondo zikaoneka 4 koloko m'mawa amalengeza pa chimkuzamawu, ndipo nyamazo sizichedwa kusowa. Pokonza ulendo wobwerera, musagule tikiti ya ndege yonyamuka m'mawa wa tsiku limene sitima ikufika padoko. Sankhani ya masana kapena ya tsiku lotsatira, ndipo ngati mwagwiritsa ntchito ndege ya ku King George Island, siyani masiku awiri opanda chochita musanakwere ndege yaitali yobwerera kwanu.